Mmene mungadzudzulire oika moyo pachiswe m'nkhani yanu popanda kunyoza maliro

Pali nkhani ina imene imagwetsa atolankhani ambiri, ongoyamba kumene ndi akale omwe. Munthu wanyamuka ulendo woopsa atachenjezedwa kale. Wakwera phiri yekha, walowa pansi pa nyanja m'chombo chosayesedwa, kapena wakafika pachilumba choletsedwa. Kenako wafera komweko, kapena wapulumutsidwa ndi anthu amene nawonso anaika moyo wawo pangozi. Mkonzi akufuna nkhani pofika madzulo.

Ena amachita mantha ndi maliro, n'kulemba ngati munthuyo wagwidwa ndi mphezi ali khale pakhonde pake. Owerenga amatsala osadziwa kuti panali chenjezo limene linanyalanyazidwa. Ena amapsa mtima, n'kumwaza mawu monga "chitsiru", "wamisala", "wodzikonda", ndipo owerenga amayamba kumvera chisoni wodzudzulidwayo n'kuipidwa ndi wolembayo. Onsewa alephera ntchito yofanana: kuonetsa kuti panali chisankho, kuti chinali choipa, ndi kuti ena analipira mtengo wake. Malangizo awa ndi a ntchito imeneyo.

Zofunika musanayambe kulemba

Mukhale ndi ndandanda ya masiku ndi nthawi ya zimene zinachitika, kuyambira tsiku limene ulendo unakonzedwa, osati tsiku la ngozi lokha.

Mukhale ndi umboni wa chenjezo: kalata, lamulo, chikwangwani, lipoti la zanyengo, kapena munthu amene anachenjeza ndipo wavomera kutchulidwa dzina.

Mukhale ndi mawu enieni a mwini ulendo, ojambulidwa kapena olembedwa ndi iye mwini.

Mukhale ndi mayina kapena chiwerengero cha onse amene anakhudzidwa: operekeza, onyamula katundu, opulumutsa, achibale.

Mukhale ndi katswiri mmodzi wa ntchitoyo amene alibe chidani kapena malonda ndi munthu mukumulembayo.

Pomaliza, cholembera chofiira ndi mnzanu woti mumuwerengere mokweza. Ngati chachiwiri pa mndandandawu chikusowa, imani kaye. Popanda umboni wa chenjezo mulibe nkhani ya kusasamala, muli ndi nkhani ya ngozi basi, ndipo muilembe choncho.

1. Sankhani ngati mukulemba nkhani kapena ndemanga

M'nkhani simunena kuti munthu analakwa. Mumasanja mfundo mwakuti wowerenga aone yekha. M'ndemanga muli ndi ufulu wonena kuti "ine ndikuona kuti uku kunali kusasamala", bola mfundo zikhale pansi pake. Sankhani chimodzi musanalembe liwu loyamba, ndipo mkonzi adziwe.

Chenjezo: ambiri amayamba ngati nkhani, pofika ndime yachisanu alowa m'ndemanga osadziwa. Chizindikiro chake ndi mawu monga "chodabwitsa n'chakuti", "zomvetsa manyazi", "aliyense akudziwa kuti". Akapezeka m'nkhani, adutseni ndi cholembera chofiira chija.

2. Sanjani mfundo motere: chenjezo, chisankho, zotsatira

Chida champhamvu kwambiri chodzudzulira ndi kasanjidwe ka mfundo, kuposa mfotokozi aliyense amene mungapeze. Tengani nkhani ya chombo cha Titan cha kampani ya OceanGate, chimene chinaphwanyika pansi pa nyanja ya Atlantic pa 18 Juni 2023 chikupita kukaona zotsalira za sitima ya Titanic, pamalo ozama pafupifupi mamita 3,800. Anthu 5 anafa, kuphatikizapo mkulu wa kampaniyo, Stockton Rush.

Mutha kuyamba ndi tsiku la ngozi, kufotokoza za kusakasaka kwa masiku anayi, n'kudzatchula chenjezo kumapeto kwenikweni. Wowerenga wofulumira sadzafikako. Koma onani izi:

"Mu Januwale 2018, David Lochridge, amene ankayang'anira ntchito za panyanja ku OceanGate, analemba lipoti lodandaula kuti thunthu la chombocho silinayesedwe mokwanira. Anachotsedwa ntchito. Chaka chomwecho akatswiri a bungwe la Marine Technology Society analemba kalata yochenjeza kuti njira imene kampaniyo inkatsata ikhoza kudzetsa tsoka. Chombocho sichinalandire chiphaso kuchokera ku bungwe lililonse loyesa zombo. Mu Juni 2023 chinatsika ndi anthu 5, pa ulendo umene mpando umodzi unkagulitsidwa madola 250,000."

Palibe liwu lonyoza m'ndimeyi. Koma amene waiwerenga wadziwa kale kumene mlandu wagona. Ziganizo zazifupi monga "Anachotsedwa ntchito" zisiyeni zokha, musaziwonjezere kanthu. Kufupika kwakeko n'kumene kumabaya.

Chenjezo: kasanjidwe kangathenso kunama. Mukaika mfundo ziwiri moyandikana, wowerenga amaganiza kuti yoyamba inachititsa yachiwiri. Pa nkhani ya Titan manyuzipepala ambiri anakonda kunena kuti chombocho chinkayendetsedwa ndi kachipangizo koseweretsera magemu a pakompyuta ka Logitech. N'zoona, ndipo zimakopa maso, koma chimene chinapha anthu ndi kuphwanyika kwa thunthu. Mukaika kachipangizoko pafupi ndi chiganizo cha imfa, mwauza anthu chinthu chimene sichinachitike.

3. Sankhani dzina lomutchula nalo

Dzina limene mwamupatsa munthu m'chiganizo choyamba ndi chigamulo. Mu Novembala 2018, John Allen Chau wa ku America, wa zaka 26, analipira asodzi kuti amufikitse pafupi ndi chilumba cha North Sentinel ku India, kumene lamulo limaletsa alendo kufikako. Anaphedwa ndi eni chilumbacho. Atolankhani a mayiko osiyanasiyana anamutchula mosiyana: ena "mmishonale", ena "mlendo wodzaona malo", ena "wokonda maulendo angozi", ndipo m'mipingo ina anamutcha wofera chikhulupiriro. Dzina lililonse linali ndi mbali yake. "Mlendo" limamuchotsera cholinga, ngati anangosochera. "Wofera chikhulupiriro" limasandutsa eni chilumba kukhala zigawenga. "Wokonda maulendo angozi" limachepetsa chikhulupiriro chake kukhala masewera.

Chitani izi: mutchuleni ndi dzina limene iye mwini sakanalikana, kenako chiganizo chotsatira chinene zimene anachita. "Mmishonale wa ku America" n'zoona. "Analowa m'dera loletsedwa ndi lamulo, kumene anthu ake alibe chitetezo cha m'thupi ku matenda wamba a kunja" n'zoonanso. Chidzudzulo chili m'chiganizo chachiwiricho.

M'Chichewa muli msampha wina umene Chingerezi chilibe. Tili ndi "ka-" wochepsa ndi "chi-" wonyoza. "Kachombo" ndi "chombo chaching'ono" sizofanana: choyamba chimaseka, chachiwiri chimayeza. "Chimzungu", "kanyamata", "njondayi", "mkuluyu" ndi mawu a pabwalo la bawo. "Mkuluyu" amamveka ngati ulemu koma m'nyuzipepala nthawi zambiri amanyodola, ndipo owerenga amamva kunyodolako. Pa nkhani ya imfa lembani "a Rush", "malemu Chau". Ulemu wa "a" sufooketsa chidzudzulo. Umachititsa kuti munthu asakuganizireni kuti muli ndi mangawa ndi wakufayo.

4. Gwirani ntchito pa mneni

Apa ndi pamene muyenera kuthera nthawi yambiri. M'chiyankhulo chathu mlandu umagona mu mneni, ndipo kaphatikizo kamodzi kakhoza kuupereka kapena kuuchotsa. Onani ziganizo zinayi izi za munthu wokwera phiri:

Anakwera phiri.
Anakwerabe phiri.
Anangokwera phiri.
Anakakamira kukwera phiri.

Choyamba sichiweruza. Chachiwiri, chifukwa cha "-be", chikunena kuti panali chifukwa chosakwerera ndipo iye anachidziwa. Chachitatu, chifukwa cha "-ngo-", chikunena kuti sanakonzekere kapena sanauze munthu. Chachinayi chikunena kuti wina anayesa kumuletsa ndipo panali kukokana. Chilichonse mwa zitatu zomalizazi ndi mfundo yofunika umboni. Musalembe "anakakamira" ngati mulibe munthu amene anamuletsa. Musalembe "anangonyamuka" za munthu amene anakonzekera miyezi 6. Koma ngati umboni ulipo, "-be" yekha amagwira ntchito imene ndime yonse ya mkwiyo singagwire. Ineyo ndikawerenga zolemba za ophunzira utolankhani, ndimayang'ana kaye timaphatikizo tiwiriti ndisanayang'ane china chilichonse, chifukwa ndi pamene wolemba amaweruza munthu mosazindikira.

Kenako pali aneni obisa wochita. "Chombo chinaphwanyika." "Zida zinaiwalika." "Njira inasowa." "Malangizo sanatsatidwe." Ziganizo izi zilibe munthu mkati. Zida siziiwalika zokha: wina anazisiya. Mukapeza mneni wothera ndi "-ka" kapena "-dwa", dzifunseni kuti wachita ndani. Ngati mukudziwa, mutchuleni. "Malangizo sanatsatidwe" asanduke "Wotsogolera ulendo sanatsate malangizo a oyang'anira nkhalango". Ngati simukudziwa, siyani chiganizocho mmene chilili, chifukwa kuloza munthu popanda umboni ndi mlandu woipitsa mbiri.

Siyanitsaninso aneni a kusamva. "Sanamve chenjezo" akhoza kutanthauza kuti silinamufike m'khutu. "Sanamvere" ndi kuti linamufika koma sanalitsate. "Ananyalanyaza" ndi kuti analiona ngati lopanda pake. "Anakana" ndi kuti anayankha. "Ananyozera" ndi wolemera kuposa onse, chifukwa akulowa mumtima mwa munthu. Sankhani amene umboni wanu ungamunyamule, osati amene akukoma pakamwa.

Ndipo pali aneni a tsoka: "anagweredwa ngozi", "anakumana ndi tsoka", "zinamuonekera". Amenewa amatsuka munthu. Ndi oyenera kwa wapaulendo amene basi yamugwera m'phompho. Kwa munthu amene anadutsa chikwangwani choletsa, amabisa theka la nkhani.

Chenjezo: "kuika moyo pachiswe" ndi mawu abwino koma atopa. Agwiritseni kamodzi, ndipo nenani moyo wa yani. Munthu woika moyo wake yekha pachiswe ndi nkhani ina, woika moyo wa ena ndi nkhani inanso.

5. Mulekeni munthuyo adziyankhulire

Anthu okonda maulendo otere amayankhula kwambiri asananyamuke, chifukwa amafuna othandiza ndi ndalama komanso kutchuka. Fufuzani zimene ananena. Stockton Rush, poyankhula ndi mtolankhani David Pogue wa wailesi ya kanema ya CBS ya ku America mu 2022, ananena kuti pamafika pena pamene kusamala za chitetezo kumangokhala kutaya zinthu pachabe. Ngozi itachitika, mawu amenewa anabwerezedwa m'manyuzipepala a dziko lonse lapansi, ndipo palibe wolemba ndemanga amene anapeza mawu omutsutsa oposa ake omwe.

Poika mawu otere, samalani ndi mneni wolowetsera. "Anati" ndi "ananena kuti" ndi osalowerera. "Anavomera kuti" akusonyeza kuti analakwa. "Anadzitama kuti" akuweruza khalidwe. "Akuti" ndi "ati" ali ndi nkhope ziwiri: nthawi zina amangosonyeza kuti mwamva kwa ena, nthawi zina amatanthauza "ine sindikukhulupirira". M'nkhani gwiritsani "anati", ndipo mawuwo adzigwirire okha ntchito. "Eti" asapezeke n'komwe.

Chenjezo lalikulu lili pa kumasulira. Mawu ambiri otere ananenedwa m'Chingerezi kapena m'chiyankhulo china. Mukawatembenuzira m'Chichewa n'kuwaika m'mitengero, mukulonjeza kuti munthuyo ananena zimenezo ndendende. Musawanole kuti abaye kwambiri. Ngati simungathe kumasulira mosapotoza, chotsani mitengero, mufotokoze m'mawu anu monga ndachitira pamwambapa, ndipo nenani kumene ndi pamene anayankhula. Musadulenso chiganizo pakati ngati theka lotsalalo likusintha tanthauzo.

6. Onetsani amene anasenza mtolo

Wowerenga akhoza kunena kuti munthu wamkulu ali ndi ufulu wofera chimene amakonda, ndipo ali ndi mfundo. Chidzudzulo chanu chimalimba pokhapokha mwaonetsa kuti ulendowo unagwera anthu ena.

Pa nkhani ya Chau, apolisi a ku India anamanga anthu 7 amene anamuthandiza, ambiri mwa iwo asodzi. Ndi anthu osauka amene anatsala ndi mlandu. Pa phiri la Everest, pa 18 Epulo 2014, chigumukire cha chipale pamalo otchedwa Khumbu Icefall chinapha anthu 16 a ku Nepal amene ankanyamula katundu ndi kukonzera njira alendo olipira ndalama. Mlendo amadutsa malo oopsawo maulendo ochepa, wonyamula katundu amadutsapo kambirimbiri. Mu Januwale 1997, Tony Bullimore wa ku Britain, amene anali pa mpikisano wozungulira dziko payekha wa Vendée Globe, anakhala masiku anayi mkati mwa bwato lake litagadabuzika m'nyanja ya kummwera kwa Australia, mpaka sitima ya nkhondo ya HMAS Adelaide inakamupulumutsa makilomita oposa 2,000 kuchokera kumtunda. Ku Australia kunabuka mtsutso wa amene ayenera kulipira ulendo wa sitimayo.

Anthu oterewa muwaike poyambira chiganizo, akhale eni mneni. "Asilikali a panyanja anayenda masiku angapo pa mafunde" ndi chiganizo chimene chili ndi anthu, pamene "ntchito yopulumutsa inachitika" chilibe. Ngati mayina a opulumutsa kapena onyamula katundu alengezedwa ndi akuluakulu, alembeni monga mmene mwalembera la mlendo. N'zowawa kuwerenga nkhani imene mlendo ali ndi dzina, zaka, sukulu ndi maloto, pamene womunyamulira katundu amangotchedwa "munthu wina wa m'deralo".

Chenjezo: pa ndalama, lembani chiwerengero chokhacho chimene boma kapena bungwe lopulumutsa latulutsa, ndipo nenani amene wachitulutsa. "Ndalama zankhaninkhani" si chiwerengero. Dziwaninso kuti malamulo a panyanja a dziko lonse amalamula woyendetsa sitima kuthandiza aliyense amene ali pangozi, mosayang'ana kuti wafikapo bwanji, ndipo asilikali olondera gombe a ku America salipiritsa munthu chifukwa chomupulumutsa. Choncho musalembe ngati opulumutsa anapusitsidwa. Mutha kufunsa ngati okonza maulendo otere ayenera kukhala ndi inshuwalansi, koma musafunse ngati munthu anayenera kupulumutsidwa.

7. Siyanitsani wotsogolera ndi wotsatira

Liwu loti "iwo" ndi loopsa. Mu Titan munali mwini kampani amene anapanga chombo ndi kulandira machenjezo. Munalinso Paul-Henri Nargeolet, katswiri wa ku France amene anatsikira ku Titanic maulendo ambiri, Hamish Harding wa ku Britain, ndi Shahzada Dawood pamodzi ndi mwana wake Suleman wa zaka 19. Kuwamanga onse mtolo umodzi wa "anthu olemera osasamala" n'kusalungama. Lipoti la asilikali olondera gombe a ku America, limene linatuluka mu Ogasiti 2025, linati ngoziyo inali yopeweka ndipo linaloza kampaniyo pa kapangidwe, kayesedwe ndi kasamalidwe ka chombo. Chala chanu chiloze komweko.

Pakakhala mwana, mneni wa chisankho upite kwa akuluakulu. Mu Juni 2010, Abby Sunderland wa ku America, wa zaka 16, anathyokeredwa mlongoti wa bwato lake pakati pa nyanja ya Indian Ocean akuyesa kuzungulira dziko payekha, ndipo anapulumutsidwa ndi sitima ya asodzi ya ku France. Funso loyenera linali la amene anavomereza kuti mwana adutse nyanja imeneyo m'nyengo yozizira ya kummwera, pamene mafunde amakhala oopsa kwambiri. Mtsikanayo anachita zimene akuluakulu anamulola.

8. Mwambi umodzi, ndipo m'ndemanga mokha

Chichewa chili ndi miyambi yambiri ya munthu wosamva: safunsa anadya phula, samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, mawu a akuluakulu akoma akagonera. Dzanja limayabwa kuti muiike. M'nkhani musaike. M'ndemanga ikani umodzi ngati munthuyo wapulumuka. Ngati wamwalira, ganizani kawiri: mwambi wa nkhwangwa pa munthu amene mtembo wake sunafike n'kwawo komwe ndi nkhanza. Mwambi umatsekanso maganizo. Wowerenga akangoumva amagwedeza mutu n'kuona ngati nkhani yatha, osafunsanso za kampani imene inagulitsa ulendo kapena boma limene linapereka chilolezo.

9. Lembani mutu ndi mawu a pansi pa chithunzi pomalizira

Anthu ambiri pa Facebook ndi WhatsApp amawerenga mutu wokha. Mutu ukhale ndi wochita, mneni woona ndi chenjezo: "Kampani inachotsa ntchito wochenjeza za chombo zaka 5 ngozi isanachitike". Pewani mitu ya mafunso monga "Kulimba mtima kapena misala?" chifukwa ndi njira yotukwanira munthu mukudzibisa kuseri kwa chizindikiro cha funso.

Chithunzi nachonso chimadzudzula. Pa 22 Meyi 2019, Nirmal Purja, wokwera mapiri wa ku Nepal, anajambula mzere wautali wa anthu akudikirana pafupi ndi nsonga ya Everest, pamalo pamene mpweya ndi wochepa kwambiri moti kuima nthawi yaitali kumapha. Chaka chimenecho anthu 11 anafera paphirilo. Mawu abwino a pansi pa chithunzi chotere ndi onena kuti boma la Nepal linapereka zilolezo 381 nyengo imeneyo, chilichonse pa madola 11,000. Mukatero mwasuntha diso la wowerenga kuchoka pa anthu ali pamzere kupita kwa amene anawalola kuchuluka choncho.

10. Nkhani ikakhala ya kwathu, samalani ndi mizimu

Phiri la Mulanje nalonso lili ndi nkhani zotere. Nsonga yake ya Sapitwa, yotalika mamita 3,002, yasowetsapo alendo. Mu 2003 mayi wina wa ku Netherlands anakwera yekha ndipo sanapezeke. Mu Julaye 2009 mnyamata wa ku Brazil anasiya womuperekeza n'kupitiriza yekha, ndipo mtembo wake unapezeka patadutsa masabata oposa awiri. Nkhani zotere zikabuka, chiyeso chachikulu n'kuthamangira ku dzina la nsongayo ndi nkhani za mizimu. Zikhulupiriro za anthu a kuphiriko n'zofunika kuzilemekeza, ndipo mutha kuzitchula monga mmene eni ake azinenera. Koma mukaziika pamutu wa nkhani, mwabisa zimene zingapulumutse mlendo wotsatira: kuti nyengo paphiripo imasintha mwadzidzidzi, kuti nkhungu ya chiperoni imaphimba njira, kuti usiku wa m'nyengo yozizira pamwamba pamenepo umapha munthu wovala zopepuka, ndi kuti operekeza alipo pa chifukwa. Funsani operekezawo. Ndi iwo ndi anthu a m'midzi yozungulira amene amakwera kukasaka wosowayo, ndipo kawirikawiri ndi iwonso amene amayamba kukayikiridwa.

11. Werengani mokweza

Muwerengereni mnzanu uja nkhani yonse, mukuganiza kuti pampando wina pakhala mayi wa malemu, ndipo pa wina pakhala mkazi wa wopulumutsa amene anagona kuphiri masiku asanu. Pamene mungachite manyazi pamaso pa mayiyo, fufutani. Pamene mkazi wa wopulumutsa anganene kuti "mwamuikira kumbuyo", limbitsani. Kenako dutsani afotokozi ndi aonjezi onse oweruza, monga "mosaganiza", "mopusa", "modzikonda", muone ngati nkhani ikuimabe. Ikagwa, ndiye kuti mfundo zanu n'zochepa, bwererani mukafufuze.

Ngati munthu kapena kampani imene mukuidzudzula ilipo, ipatseni mwayi woyankha nkhani isanatuluke, ndipo lembani kuti munaifunsa liti. Achibale a malemu musawaimbire kuti ayankhe mlandu wa mwana wawo.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa kawirikawiri

Kudzudzula kusakasaka kukadali mkati. Pa Titan, kwa masiku anayi dziko linkawerengera maola a mpweya wotsala, mpaka zidutswa zinapezeka pa 22 Juni. M'masiku otere lembani zimene zikudziwika, kuphatikizapo machenjezo akale ngati ali ndi umboni, koma ndemanga yoweruza idikire.

Kuweruza ndi zotsatira. Amene wafika pansonga n'kubwerako timamutcha ngwazi, amene wafa pa njira yomweyo timamutcha wosasamala, chonsecho anachita zofanana. Funso likhale la zimene munthuyo ankadziwa tsiku lonyamuka ndi mmene anakonzekerera. Bullimore anali woyendetsa mabwato wodziwa ntchito, pa mpikisano wovomerezeka. Kumuika gulu limodzi ndi munthu wolowa m'dera loletsedwa n'kusokoneza zinthu ziwiri zosiyana.

Kusandutsa chuma kukhala mlandu. Mtengo wa tikiti ndi mfundo yoyenera kutchulidwa kamodzi. Mukaubwereza ndime iliyonse, nkhani yanu yasanduka ya kaduka, ndipo funso la chitetezo latayika.

Kuyerekeza maliro mosasamala. Masiku anayi Titan isanasowe, pa 14 Juni 2023, bwato la asodzi lonyamula anthu othawa kwawo linamira pafupi ndi Pylos ku Greece. Akuyerekeza kuti munali anthu ofika 750, ndipo opulumuka anali 104 okha. Olemba ndemanga ambiri anafunsa chifukwa chimene anthu 5 analandirira chidwi ndi zida zochuluka kuposa anthu mazanamazana. Funsoli n'loyenera, koma lipite kwa maboma ndi kwa ife atolankhani amene tinasankha chokhala patsamba loyamba. Amene anafera mu Titan sanasankhe zimenezo. Ndipo othawa nkhondo ndi umphawi musawatchule ndi mawu a okonda maulendo angozi, ngakhale nawonso anakwera bwato loopsa akudziwa.

Kulowa m'mutu mwa munthu. "Ankafuna kutchuka", "ankadziona ngati sangafe": mwadziwa bwanji? Ngati analemba kapena ananena, tchulani pamene ananena. Ngati ayi, chotsani.

Kubisala kuseri kwa "anthu ambiri akuti". Ngati ndi maganizo anu, alembeni m'ndemanga pansi pa dzina lanu. Ngati ndi a katswiri, mutchuleni. Zolemba zitatu za pa Facebook si anthu ambiri.

Kutengera mawu a nyuzipepala zakunja liwu ndi liwu. Mawu ena a Chingerezi otchulira anthu otere amanyodola ndi kuyamikira nthawi imodzi, ndipo mukawamasulira kuti "wolimba mtima" mwatsala ndi kuyamikira kokha, mukati "wosaopa imfa" mwamupatsa ulemu wa msilikali. Siyani liwulo, mubwerere ku zimene munthuyo anachita, tsiku limene anachenjezedwa ndi amene anamuchenjeza, mulembe zimenezo ndi mneni wa Chichewa amene umboni wanu ungamunyamule.